Kuphunzirira Abambo a Mwana

"Muzizungulira ndi mapewa, mayi, osati manja okha," anatero mphunzitsi wa gofu. "Ndodoyo igwireni mofewa ngati mwagwira mwanapiye. Mukaifinya, mpira upita kutchire."

Mayiyo anakweza ndodo n'kuitsitsa. Phaa! Kampira kanakamenya ukonde wa kumapeto kwa shedi mpaka mizati inanjenjemera.

Kunja mvula inali itakhazikika. Osewera onse anali atathawira ku bala ya kalabu, kutsidya kwa bwalo, moti m'shedi yophunziriramo munatsala awiriwa ndi phokoso la malata. Mphepo itayamba kulowetsa madzi, mayiyo anapita yekha kukatseka chitseko, nayatsa getsi.

Mphunzitsiyu anali munthu wodzimva. Akazi ambiri anadutsa m'manja mwake, ndipo tikati m'manja tikunena manja enieni, pakuti mkuluyu sankatha kukonza kaimidwe ka wophunzira wamkazi osamugwira m'chiuno. Koma uyu yekha ankamuopa. Anali mayi wachikulire ndithu, wojintcha, wosaseka ndi munthu. Tsiku loyamba mphunzitsi atati amukhudze paphewa, mayiyo anangomuyang'ana, dzanja linabwerera lokha m'thumba.

Ophunzira ena onse amabwera ndi dandaulo limodzi. Amafuna kumaliza maenje atamenya mpira kochepa, poti pa gofu wopambana ndi amene wamenya kochepa. Mayiyu za maenje analibe nazo ntchito. Pabwalo lenileni anali asanapondepo. Zogubuduza mpira pang'onopang'ono kuti ugwere m'dzenje anazikana, amvekere, "Zachibwana izo." Iye ankafuna ndodo yachitsulo, yolemera, ndi kumenya kamodzi kosabwereza.

Tsiku lina mphunzitsi anamufunsa chimene ankadzivutitsira chonchi. Mayiyo anayankha osaphethira: "Ndikuphunzirira abambo a mwana."

Mphunzitsi anaseka chamumtima. Si azimayi angati amene anabwera m'shedimo chifukwa amuna awo anachita kusamukira ku gofu, Loweruka gofu, Lamlungu gofu, kunyumba n'kumangofikako kukasintha malaya? Koma kusekako sikunakhalitse. Mafunso a mayiyo ndi amene anayamba kumusowetsa mtendere.

"Mphamvu yonse imathera pati?"

"Pansi penipeni, pamene ndodo yakumana ndi mpira."

"Chinthu cholimba kuposa mpira chingasweke?"

"Chinthu ngati chiyani, mayi?"

"Ngati fupa."

Kuyambira pamenepo mphunzitsi anadziwa kuti mwamuna wa mayiyu ali m'madzi. Anaganiza zomufunafuna kuti amuchenjeze, koma akanayambira pati? Dzina lake sankalidziwa, nkhope yake anali asanaionepo. Komanso za m'banja la eni sazilowerera. Chimene chinkamuwawa kwambiri si mwamunayo ayi, koma khungu la iye mwini. Munthu akapezeka ataphwanyidwa mutu ndi ndodo ya gofu, apolisi adzafunsa kuti anaphunzitsa mayiyu kumenya ndani, ndipo akuluakulu a kalabu sakonda zochititsa manyazi. Ntchito ikanathera pomwepo.

Anayesa kumuphunzitsa zolakwika mwadala. Anamuuza kuti aziweramira kumbuyo, azikweza mutu msanga. Mayiyo anayesa kamodzi, mpira unagubuduka ngati wamenyedwa ndi mwana. Anatembenuka n'kunena motsitsa mawu, "Aphunzitsi, musandipusitse. Mwezi watha simunanene choncho." Mphunzitsi anabwerera pa zoona: mapazi atalikirane ngati mapewa, mawondo apindike pang'ono, chiuno chitsogole, manja atsatire, ndodo isaime pa mpira koma ipitirire mpaka kuseri kwa phewa.

Lero mayiyo anali atafika pake. Mpira uliwonse unkachoka ndi mluzu, molunjika, pamalo amodzimodzi. Mphunzitsi wina aliyense akananyada. Koma osati uyu.

"Ndikuona ngati ndakwana," anatero mayiyo, akupukuta manja pa siketi. "Ndiikireni womaliza."

Mphunzitsi anatola mpira m'ndowa, nagwada pamapazi a mayiyo kuti aukhazike pa kachisonga kake. Mpira unagwa, iye nautolanso. Anaona kuti akapanda kulankhula tsopano, mawa akamva za maliro. Anayamba chogwada chomwecho, maso ali pansi, ndi mawu aja amagwiritsa ntchito akafuna kufewetsa mtima wa munthu wamkazi.

"Mayi, mundikhululukire, ndilowerere pang'ono. Amunafe ndife anthu olakwa, zimenezo sindikana. Koma abambo akunyumbawo, kaya anakulakwirani chotani, khalani nawo pansi. Itanani akuluakulu. Ndende si malo a munthu ngati inu."

"Kunyumba kulibe abambo," anatero mayiyo. "Amuna anga anamwalira kalekale."

Mphunzitsi anasiya mpira. "Nanga abambo a mwana aja?"

"Mwanayo ndi mdzukulu wanga. Amake ndi mtsikana wa ku koleji uja munkamuphunzitsa muno chaka chatha, munakana mimba yake pamaso pa anthu uja. Anatisiya pobereka."

Mphunzitsi anakweza maso. Pakhoma, chithunzithunzi cha ndodo chinali chitakwera kale.