Chipupa Chomwe Chinapulumutsa Amisiri

Sitima yoti apitirize nayo ulendo inali yoti ifika pakatha maola atatu, ndiye a Levulo anati iwo sangakhale pabenchi ya pasiteshoni ngati katundu woiwalika. Anamukoka mwana wawo kuti akaone tauni yakale yomwe inali kuseri kwa siteshoniyo.

Dzina la Levulo anawapatsa ndi amisiri awo, chifukwa kalevulo koyezera khoma sikankachoka m'thumba la jekete yawo, ngakhale kutchalitchi. Mwana wawoyo amisiri omwewo ankamutcha Injiniya. Anali ndi digiri, mafoni awiri ndi manja osalala ngati a wansembe. Njerwa ankaidziwa bwino kwabasi, makamaka ikakhala pa kompyuta.

Ulendo wonsewu unali wa Injiniya. Ankapita kufakitale ina ya m'dziko lachilendolo kukasaina mapepala ogulira makina oumba mabuloko ndi miyala yomangira. Makinawo akangofika, amisiri khumi ndi awiri a kampani ya bambo ake anali oti apita kwawo kukaothera dzuwa. Anthu amenewa a Levulo anagwira nawo ntchito zaka makumi atatu, ndipo ndi omwe ananyamula bokosi la maliro a mayi ake a Injiniya. Nkhaniyi inkawapweteka mumtima zedi. Anatsatira ulendowu ati kudzaona dziko, koma kunena zoona ankangofuna poti amukolere mwanayo.

Pomukolera anapapeza asanalowe n'komwe pachipata cha tauniyo. Kutsogolo kwawo kunali chipupa chachikulu chamiyala, chotalika ngati nyumba zitatu zosanjikizana. Alendo anali piringupiringu ndi makamera, kujambula chilichonse, ngakhale zitseko ndi nkhunda. A Levulo sanajambule kanthu. Anatulutsa kalevulo kawo n'kukagunditsa pachipupapo, ndipo kadontho kam'kati mwake kanakhazikika pakati penipeni.

"Tabwera kuno, bwana Injiniya," anatero. "Kabuku ka m'sitima kaja kati tauniyi ili ndi zaka mazana asanu ndi limodzi. Tandipezera mng'alu umodzi wokha."

Injiniya anaufunafuna mng'aluwo. Anawerama, ananyonyomala, mpaka anayatsa tochi ya pafoni dzuwa likuswa mtengo. Digiri yonse ija inalephera kupeza ngakhale kamzere koti nyerere n'kubisalamo.

"Taona miyalayi. Uwu ndi wamphumi, uwu ndi wopindika, koma yagwirana osasiya mpata. Apa panadutsa tchizulo chosemera, apa mmisiri analakwitsa pang'ono n'kukonza. Limeneli ndi dzanja la munthu, mwanawe. Makina ako aja angachite zimenezi?"

"Nthawi inasintha, bambo."

"Nthawi inasinthadi. Nanga chipupachi chasintha?"

Injiniya anangoyang'ana pafoni.

Ola lathunthu a Levulo anayenda naye m'mbali mwa chipupacho ngati mphunzitsi ndi mwana wobwereza kalasi. Anamugwiritsa mwala uliwonse. Anamufotokozera za amisiri akale omwe analibe magetsi, analibe misonkhano ya m'mahotela, koma anasiya ntchito yoti zidzukulu za zidzukulu zawo n'kumadyerapo. Kenako anayamba kutchula amisiri awo akumudzi mmodzimmodzi, wina ali ndi ana asanu ndi awiri, wina maso ayamba kuchita mdima, wina ndi uja ankamubereka Injiniya kumsana pomwe mayi ake ankadwala. Uku sikunali kuchita sewero.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anakoma tsiku lomwelo. Injiniya anaima duu, dzanja lake losalala lili pamwala. Kenako anatulutsa foni yachiwiri, ya nkhani zikuluzikulu ija, n'kulemba uthenga.

"Ndawauza akufakitale kuti asatidikire," anatero motsitsa mawu. "Makina sitigula. Tikwera sitima yobwerera. Pepani, bambo, ndinathamanga magazi."

A Levulo anatembenukira kumbali, ati m'maso mwalowa fumbi. Chimwemwe chinali chitawadzaza. Anali atamugonjetsa mwana wasukulu popanda kutsegula buku, ndipo amisiri khumi ndi awiri anali atabwerera pantchito asakudziwa n'komwe kuti anatsala pang'ono kuichoka.

"Ndijambule pompano," anatero atapukuta fumbi lija. "Anyamata akaone chipupa chomwe chawapulumutsa. Chituluke chonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba."

Injiniya anawoloka msewu n'kumabwerera chafutambuyo kuti chipupa chonse chikwane mufoni. A Levulo anasankha malo abwino pafupi ndi chipata, anakonza kolala, n'kukankhira kumbali masamba a chitsamba choyanga chomwe chinkawakwapula pakhosi. Pansi pa masambawo panali kachikwangwani kachitsulo kolembedwa m'zilankhulo zitatu. Chimodzi mwa zitatuzo ankachimva, ndipo anawerenga.

Chipupa choyamba, chomangidwa ndi manja, chinagwa chonse ndi chivomezi. Ichi chinamangidwa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, m'miyezi inayi yokha, ndi miyala youmbidwa pa makina a fakitale yomwe Injiniya anali atangoitsanzika.

A Levulo anatsamira kachikwangwaniko ndi msana wonse, n'kutambasula jekete.

"Jambula msanga, mwanawe. Usabwere kuno, sitima itisiya."