Juga ya M'chipululu

Ndinkachokera ku Manyamula kogula palafini, mwana wanga Nesta akundidikira mumdima. Nditafika padambo, matayala a njinga anatitimira mumchenga wofunda. Dambo lija panalibe. Panali chipululu, ndipo pakati pake mzinda wowala magetsi kuposa amene ndinawaona ku Joni.

Pachipata munthu wina anati, "Vulani nsapato, adada." Ndinavula, monga timachitira kumanda.

M'nyumba ina anthu ankatchova juga mosalankhula. Ogawa makadi anali malemu akazi anga, anyaTembo, atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi imene tinawaika nayo.

Atandiona anati, "A Jere, mukapambana tipitira limodzi kunyumba. Mukaluza, mbwenu mutsala kuno."

"Nanga Nesta?"

Anangondikokera mpando.

Ndinaika botolo la palafini pansi.

"Gawani," ndinatero.