Mwala Woyenda M'malire a Nkhanga

Padangokhala funso limene linagonjetsa nyama zonse: kodi mwala umayenda? Mwala wa m'malire a Nkhanga ndi Nguluwe unkasendera mzere umodzi dzinja lililonse, munda wa Nkhanga n'kumachepa.

"Ndi mvula imaukankha, alamu," ankatero Nguluwe, dothi lili mbuu pamphuno.

Nkhanga anayang'ana anapiye ake khumi. Akakula adzalima pati? Anataya mwalawo, nabzala khonje m'malire monse osapuma.

Dzinja lotsatira Nguluwe anatulukira pachitsime mphuno itatupa ndi minga.

"Pepani alamu," anatero Nkhanga, "chaka chino mvula yalasidwa eti?"

Malirewo sanasunthenso. Inu anzanga, chonde bzalani khonje m'malire ana athu asanakule.