Dothi la Amayi a Yamile

Azimayi a ku Mtendere anali akutulutsa mipando kuti akhale maliro pamene foni ya Yamile inalira. Anali mlongo wake ku Cuba: amayi aikidwa kale. Magetsi anathima pachilumba chonse cha Cuba, n'chifukwa chake sanamuonetse malirowo pa vidiyo.

"Baika? Si dzulo chabe bamwalira?" anafunsa ba Felistus, apongozi ake.

"Kwathu maliro sachedwa," anayankha Yamile.

Apongozi anatapa dothi la pakhomo n'kumupatsa m'manja.

"Ponyani, amake Chola. Mwana afunika kuponya dothi."

Yamile anayang'ana kumpanda, kenako kumsewu.

"Nanga kwathu ni mbali iti?"

Azimayi anangoyang'anana. Iye anakhala pansi, dothi lija akadalifumbata.