Injini ya Yotamu yofera malo amodzi

Panali munthu wina ku Ngara, dzina lake Yotamu, mwini boti la injini. Mayendedwe ake tayesani nanunso: miyendo tang'a, chifuwa patsogolo, sipanala m'thumba la kumbuyo ili ngwe ngwe ngwe, nsapato za tayala zili phwa phwa. Akatsegula pakamwa: "Ineee! Injini ndimaimva ndi khutu ili. Ikangoti khoo, ndadziwa kale chimene yadya!"

Tsiku lina anakangana ndi mkazi wake Yunike anthu akuona. Yotamu akuti, "Injini yanga imandimvera kuposa iwe!" Yunike anamanga zitenje zake, ulendo kwawo, mudzi wa pagombe kumunsi kwa Vinthukutu.

Amalume ake a Yotamu anamuuza, "Tuma thenga, munthu wa pakati pa banja, atenge nkhuku akapepese."

"Ine kupepesa? Yayi! Abwera yekha ameneyo."

Mwezi unatha, sanabwere. Wachiwiri, zii. Yotamu pagulu ankasekabe mpaka ku Tanzania kumva, koma lamba anaboola mabowo awiri atsopano. Chitenje chimodzi chimene Yunike anaiwala pachingwe, iye sanachichotse, mpaka dzuwa linachisulukutsa.

Ndiye injini inayamba matenda. M'mawa uliwonse wa msika Yotamu ankanyamula amayi a usipa kupita ku Chilumba. Akangofika moyang'anana ndi mudzi wa Yunike, injini: trrr, trr, khoo, zii. Boti kulipalasa ndi nkhafi mpaka kumtunda. Yotamu amasula ichi, apukuta icho, maso ali kumiyala kumene Yunike ankachapa. Mkaziyo osatembenuka n'komwe. Yunike akanyamula beseni lake n'kupita, Yotamu kungokoka chingwe kamodzi, injini vuuu, ngati yatsopano.

Amayi aja anatopa. Mmodzi wa iwo, a Lettie, anaitanitsa makaniko wa ku Boma, Chawanangwa. Makanikoyo anamasula pulagi, yabwinobwino. Anatsuka kabuleta, yoyera moti ungamweremo tiyi. Petulo anamuthira m'botolo kuona ngati muli madzi, mulibe. Analiza injini ola lathunthu pagombe, osatsokomola.

"Adada, injini iyi ndi yathanzi kuposa ine," anatero Chawanangwa.

"Iwe unaphunzira za m'buku," akutero Yotamu. "Iyi matenda ake ndi a pamadzi."

"Chabwino, mawa ndikwera nawo. Koma paipi ya mafutayi musinthe, yatopa."

Yotamu sanasinthe.

M'mawa mwake ananyamuka mwera utayamba kale kuwomba. Atafika pamalo paja, trrr, khoo, zii. Chawanangwa anagwira kampira kopopera mafuta, kali phwaa, kafota ngati bere la mbuzi yokamidwa. Anayang'ana pansi, anayang'ana Yotamu.

Funde linamenya boti, madengu awiri a usipa m'madzi. Amayi kukuwa, "Lizani injini!" Yotamu tsopano anakoka chingwe ndi mtima wonse. Kamodzi, kakhumi, ine ndikuti mwina kasauzande. Palibe. Paipi inali itang'ambika, petulo ali chuu m'mapazi mwa anthu. Anapalasa ndi nkhafi, mabeseni, wina ndi ambulera, wina akuitana Yesu m'Chinkhonde ndi m'Chiswahili momwe. Anafika kumtunda ali chinyowere, usipa wabwerera kwawo.

Anthu a m'mudzi anathamangira kugombe, Yunike ali pakati pawo. A Lettie anamuloza chala.

"Ndi uyu! Bwanji injini imafera pakhomo pake pokha? Analimanga botili ndi mankhwala. Tikanafa ife lero!"

Amayi ena anavomera. Wina anatola mwala. Yunike anangogwira pakamwa, misozi mbwe.

Chawanangwa anakweza paipi ija m'mwamba. "Amama, dikirani. Kampira kakafota chonchi, ndiye kuti mafuta atsekeka pakati pa thanki ndi iko. Onani apa. Paipi yaphwatalala malo amodzi, ndipo pali zidindo za tayala. Mfiti yake imavala nsapato sayizi naini." Anatembenuka. "Adada Yotamu, inu mumamva injini ndi khutu. Tatiuzani yadya chiyani."

Anthu onse maso pa mapazi a Yotamu. Chifuwa chija chinalowa m'kati, miyendo ija inagundana. Anayang'ana mwala uli m'dzanja la mayi uja, n'kuyang'ana mkazi wake.

"Musiyeni," anatero, mawu ali ang'onoang'ono. "Injini ilibe mlandu, Yunike alibe mlandu. Paipi ndimaponda ndine. Yunike, ndimangofuna ndikuoneko, ngakhale kumsana kokha. Kunyumba kuja sikukukhalika."

Phunziro: Ngati wamusowa munthu, pita ukamuuze ndi pakamwa, tuma thenga, nyamula nkhuku. Usaike miyoyo ya anthu pamadzi chifukwa cha manyazi ako, ndipo chinthu chikawonongeka yambani mwayang'ana pansi pa phazi la mwini wake musanaloze chala munthu wosalakwa. Tumizirani ena, makamaka abambo aja amene akuti injini yawo ikuvuta.