Fumbi pa Piyano

Gilda anaizindikira nyimbo yake akulowa mu holo ya phwando ndi mbale za nyama. Inali rapu yake yokalipa ija, ya fumbi la malasha limene likutsokomoletsa mwana wake ku Chipanga. Mchimwene wake Leonildo ankaiimba pa piyano mofewa ngati yogonetsera khanda, mabwana a mgodi akugwedeza mitu.

"Achimwene, mawu anga ali kuti?"

"Ndawachotsa," ananong'ona Leonildo osaimitsa zala. "Pa festa safuna phokoso."

Gilda anatula mbale. Anapukuta pazenera ndi chikhatho, chikhatho chinada bii. Anachidinda pa mabatani oyera a piyano. Piyano inalira moipa, holo yonse inatembenuka.

"Vesi yoyamba ndi imeneyo," anatero. "Pitirizani."