Jinja wa a Sakiusa

Mvula inali isanakate chiyambire m'mawa ku Waibau. A Sakiusa ankasinja jinja wa m'munda mwawo pakhonde, chotupa cha pakhosi atachiphimba ndi thaulo. Basi yopita ku Suva, kumene dokotala ankawadikira, inali pafupi kudutsa.

"Bambo, valani nsapato," anatero Mereoni, mwana wawo, yemwe anali namwino.

"Mankhwala anga ndi awa. Ngakhale ophunzira akuti jinja amapha khansa."

"Amapha m'mbale za ofufuza. M'thupi, chiwindi chimasintha mphamvu yakeyo, n'kutuluka ndi mkodzo. Yofika pachotupa ndi yochepetsetsa."

Kamunsi kanaima.

"Nanga amayi ako? Ndinkawaphikira jinjayu mpaka tsiku lawo lomaliza."

"Ankadziwa kuti sachiza. Ndinawauza ndine."

"Ndiye ankamweranji?"

"Ankati, 'Aleke bambo akowo azisinja. Manja awo akasowa chochita, ayamba kulira.'"

A Sakiusa anayang'ana munda wonyowawo. Anawiritsa jinja uja, n'kumuthira m'fulasiki ya malemu akazi awo.

"Uzikamwa m'basimo, kukuzizira," anatero, akupatsira Mereoni.

Kenako anawerama n'kuvala nsapato.